Pulogalamu Yomwe Inandilanda Mkazi

Ana inu, amayi anu akuti munthu wa msinkhu wanga salemba mbiri ya moyo wake, akuti ndikadali ndi mano onse m'kamwa. Ine ndikuti ntchito ya makompyuta ndinapuma, maso anakana, pano ndikuweta zinziri kuseri kwa nyumba kuno ku Unit C, ndipo munthu wopuma pantchito amalemba. Za ubwana wanga ndadumpha, munalibe kanthu, ndinkangodya n'kumakula. Mukapeza pena pomwe nkhani yanga yatalikirapo kuposa mmene amayi anu amaikambira, tengani yangayo, iwo kunalibe.

2010

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa Chikwanha, msika wa kuno ku Chitungwiza ku Zimbabwe, m'kashopu ka fotokope ka a Kamanga. Kashopuko kanali kakang'ono moti kasitomala wonenepa akalowa, ine ndinkatuluka kaye n'kumataipa dzanja lili pawindo. Tsiku londiyesa ntchito anandipatsa kalata yolembedwa pamanja kuti ndiitaipe. Nditamaliza anaiyang'ana chapatali, chifukwa magalasi anali atawaiwala m'kombi, minibasi ya kuno, n'kunena kuti, "Liwiro ulinalo, Lameki. Koma kodi wawerenga zomwe walembazi?" Ine ndinati, "Abwana, mukufuna wotaipa kapena wowerenga? Awiriwo malipiro ake ndi osiyana." Anaseka, anandilemba ntchito, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinataipa makalata okwana kufolera Chitungwiza yense osawerengako ngakhale imodzi. Zala zinkagwira ntchito, mutu uli ku mpira.

Inali nthawi ya madola a ku America. M'mashopu zinthu zinali zitabwerera, koma ife tinkasowa zathu. Inki ya makina ikatha a Kamanga ankatulutsa chibotolo chake n'kuchigwedeza ngati akuvina nacho, tsamba n'kutuluka lotuwa ngati lagona pa dzuwa chaka chathunthu. Magetsi ankabwera ngati mlendo wodutsa, moni ali chiimire. Ndinaphunzira kugwira ntchito ya tsiku lonse m'maola awiri, kenako n'kumazungulira pa renki ya makombi, chifukwa kukhala pansi ine sindinakuthe chibadwire.

A Kamanga analinso mlembi wa sosaite ya maliro ya anthu akwathu, ife ana ndi zidzukulu za aja anachoka ku Nyasaland wapansi kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Timati akwathu, koma kwathuko ambirife sitinakupondeko. Pamsonkhano akuluakulu ankayankhula Chichewa, achinyamata n'kumayankha m'Chishona, aliyense n'kumamva mnzake bwinobwino.

2012

Chaka chimenechi ana a mamembala anali atabalalika, ena ku Joni, ena ku Ulaya, ndipo maliro akachitika ankamva mtembo utaikidwa kale. A Kamanga anandiitana n'kuti, "Iwe umadziwa za intaneti. Tipangire webusayiti." Ine intaneti ndinkaidziwa ngati mmene ndimadziwira ndege, kuiona ikudutsa. Ndinayankha kuti ndi ntchito ya sabata imodzi. Inanditengera miyezi inayi.

Webusayiti ya mtundu uja wokhala ndi makina kwinakwake ophika tsamba munthu akalipempha, sosaite sikanaikwanitsa. Yathu inali yophikiratu. Masamba onse ndinkawakonza pa laputopu yanga yokalamba, n'kudina batani, iyo n'kuwatulutsa atapsa kale ngati zitumbuwa, kenako n'kuwakweza pa intaneti netiweki ikagwira. Ubwino wake, palibe chomwe chikanafa pakati pa msewu. Ndiponso chilichonse ndinkayamba kuchiona ndine dziko lisanachione.

Tinkaikapo zidziwitso za maliro, za zinkhoswe, za kumanga ziliza. Kenako a Kamanga anaganiza zoti banja lililonse lilembe mbiri ya agogo awo, mmene anabwerera kuno, anthuwo asanathe. Amayi anga anandifotokozera ya amayi awo, gogo Chirwa, omwe anamwalira ine ndili ku pulayimale, ndipo imeneyo yokha ndinaitaipa ndikumvetsera. Zina zonse anthu ankabweretsa pamapepala kapena pa fulashi, ine n'kumangoponya.

Fulashi ina inabwera ndi Rudo Mwale wa ku Unit A, yemwe ankagwira ntchito m'famasi kutsidya kwa msewu. Munali mbiri ya amayi a amayi ake, gogo Zimba, yomwe anaijambula pafoni n'kuitaipa yekha. Mbiriyo sindinaiwerenge, ndinali kalikiliki kuwerenga mwini fulashi. Ndinamuuza kuti fulashi yake ili ndi kachilombo, abwerenso mawa. Mawa lakelo ndinati kachilomboko kaswa ana. Tsiku lachitatu anati, "Iwe Lameki, unonyepa," kutanthauza kuti ndine wabodza, koma anabweranso lachinayi.

Tisanapite patali tinafunsana funso lomwe aliyense wokulira kuno amafunsa, la mutupo, pfuko la abambo. Ine Banda, iye Mwale. Tinaona kuti msewu ndi woyera. Makolo anafunsanso zomwezo n'kukhutira. Ine malume ndilibe kuno, choncho a Kamanga anavomera kukhala ankhoswe anga, ndipo anakagula jekete la bulauni lomwe ankalipachika m'shopu, likudikira chinkhoswe, likudya theka la malo athu.

2013

Kutatsala masabata asanu kuti chinkhoswe chichitike, a Kamanga anabwera ndi dandaulo. Mwana wawo wa ku Joni anawauza kuti anthu akatsegula webusayiti amawerenga tsamba limodzi n'kuchoka. "Munthu akabwera pamaliro sumusiya apite osamulozera abale ena," anatero. "Pansi pa nkhani iliyonse uikepo nkhani zina zofanana nayo. Zitatu."

Masamba anali atadutsa mazana awiri, amayi anu akuti makumi asanu ndi atatu, ndipo kuti ndiziwerenga lililonse n'kumasankha pamanja, bola kukagulitsa tomato. Ndinafufuza mmene ena amachitira n'kulemba kapulogalamu. Nzeru yake ndi yosavuta. Kamawerenga mawu a m'nkhani iliyonse, n'kuyerekeza nkhaniyo ndi ina iliyonse, zomwe zagawana mawu ambiri n'kuzitcha zapachibale. Zitatu zapamwamba kamazilemba pansi pa tsamba, pamutu woti Werenganinso Izi.

Ulendo woyamba kanandichititsa manyazi. Pansi pa chidziwitso cha chinkhoswe cha mwana wa tcheyamani kanaikapo maliro atatu. A Kamanga anaona pa laputopu n'kugwira pachifuwa. "Ukufuna atichotse mu sosaite? Mwana wa eni ake akukwatiwa, iwe ukumulozera kumanda." Vuto linali loti anthu akwathu amalemba chimodzimodzi chilichonse. Paliponse pali Mulungu, pali abale ndi alongo, pali mwambo udzayamba nthawi yakuti, zakudya zidzakhalapo. Komanso theka la sosaite ndi a Phiri, theka linalo a Banda, ndiye pulogalamu inkaona ngati tonse tinabadwa m'nyumba imodzi.

Ndinaikonza pawiri. Ndinalemba mndandanda wa mawu otaya, oti isamawawerenge n'komwe. Kenako ndinaiphunzitsa kuyeza kulemera kwa mawu. Liwu lopezeka m'nkhani zonse lizipepuka ngati nthenga, koma liwu lopezeka m'nkhani ziwiri zokha lizilemera ngati thumba la simenti. Nditadinanso batani, zinthu zinakhala m'malo mwake. Zinkhoswe zinapeza zinkhoswe, a ku mgodi umodzi anapezana. Ndinayamba kutsegula masamba limodzilimodzi ndikudzitama ndekha, mpaka ndinafika pa la gogo Chirwa, agogo anga.

Pamwamba pa zitatu zija panali gogo Zimba. Ndinamwetulira, ndinati ngakhale makina akudziwa kuti mabanja awiriwa akulumikizana. Koma nambala yosonyeza kufanana inali yaikulu kuposa ina iliyonse pa webusayiti yonse. Ndinafunsa pulogalamu kuti indionetse mawu omwe yagwira. Inatulutsa anayi: Kamtedza, Zobwe, Jemusi, kodiyoni.

Mbiri ya agogo anga ndinkaidziwa. Anachoka m'mudzi wa Kamtedza ali mtsikana, amayi awo atamwalira, ndi malume awo a Jemusi omwe ankayenda ndi kodiyoni, choimbira nyimbo chija chokoka ndi kukankha, pamsana. Anadzera ku Zobwe. Pa Zambezi mwini bwato anakana kuwaolotsa mpaka malumewo anasiya kodiyoniyo. Agogowo analinso ndi mng'ono wawo wamkazi yemwe miyendo inatupa, anamusiya pafamu ina cha ku Mtoko m'manja mwa mayi wina wakwathu, ndipo sanamuonenso. Ndinatsegula mbiri ya gogo Zimba n'kuiwerenga koyamba. Mudzi womwewo, malume omwewo, bwato lomwelo. Kusiyana kwake, yawo inathera pafamu, pomwe anakhala pansi pa mtengo masiku ambiri akuyang'ana kumsewu.

Ana inu mwakulira kuno, ndiye mvetsani. Anzathu Achishona amawerenga chibale kudzera kwa abambo, ndipo ifenso tinazolowera choncho mpaka tinaiwala zathu. Koma kwathu chibale chimayenda ndi bele. Ana a akazi awiri apachibale si asuweni oti n'kukwatirana ayi, ndi ana a nyumba imodzi, ndipo ana awo aakazi akabereka, anawonso ndi a nyumba yomweyo. Ngati agogo awiriwa anayamwa bele limodzi, Rudo anali mlongo wanga. Tonse tinafunsa za abambo, za amayi a amayi panalibe anafunsa.

Ndinatseka laputopu n'kutuluka. Ndinayenda kuchoka pa Chikwanha kufika ku Unit C, osalowa m'nyumba, n'kubwereranso. Ndinadutsa pafamasi katatu ndikuyang'ana kumbali. Makondakitala anayamba kundifunsa ngati ndataya kanthu. Nditabwerera m'shopu ndinachita chinthu chomwe inu sindinakuuzenipo kufikira lero. Ndinatsegula mndandanda wa mawu otaya n'kulembamo anayi aja. Ndinadina batani. Gogo Zimba anasowa pansi pa tsamba la agogo anga, m'malo mwawo munalowa mkulu wina wa ku mgodi wa malasha. Ntchito yonse inanditengera mphindi imodzi. Mbiri ziwirizo zinali zitakhala pa intaneti chaka chathunthu popanda woziika pamodzi, ndipo zikanatha kukhala choncho mpaka kalekale.

Masiku atatu sindinakweze kanthu. Ndinkati netiweki yavuta. Tsiku lachinayi a Kamanga anandipeza ndikufufuta mawu aja pamndandanda n'kuwabwezeranso, ndipo anati, "Ukudwala chiyani? Wayenda mtunda wokafika ku Beira m'kashopu muno." Ndinawaonetsa. Anawerenga mbiri zonse ziwiri, ulendo uno magalasi ali nawo, kenako anakhala pa katoni ya mapepala n'kuyang'ana jekete lawo nthawi yaitali.

"Waona ndani wina?"

"Inu ndi ine, ndi laputopu."

"Laputopu siyankhula. Mvera, mwana wanga. A Jemusi analipo ambiri. Kodiyoni inalinso yambiri nthawi imeneyo."

"Yosiyidwa pa bwato, abwana? Ya kwa Kamtedza?"

"Kuno ndi ku Zimbabwe. Iwe ndiwe Banda, iye ndi Mwale, m'busa alibe nazo vuto, boma lilibe nazo vuto. Bwezera mawu akowo pamndandanda, tikweze masamba, tikadye chinkhoswe." Anaima, anafika pakhomo, n'kutembenuka. "Koma usandifunse ngati ineyo ndikanatero."

Chomwe chinkandisowetsa mtendere sichinali m'busa kapena boma. Unali mzere womaliza wa mbiri ya gogo Zimba, pomwe anati akulu awo ayenera kuti anafera m'njira, chifukwa akanakhala moyo akanabwera kudzawatenga. Agogo anga sanafere m'njira. Anakhala ku Unit C zaka zambirimbiri, mtunda woti munthu n'kuyenda wapansi kuchokera kwa gogo Zimba tiyi asanazizire, ndipo amayi amati mpaka kumapeto ankafunsa aliyense wochokera ku Mtoko. Ndikanabisa, ndikanamakhala pamphasa ya gogo Zimba ngati mkamwini, kumawapatsa moni tsiku lililonse, ndikudziwa pomwe pagona akulu awo.

Pa nthawi ya nkhomaliro ndinanyamula laputopu n'kuoloka msewu. Rudo anatuluka atavala gauni yake yoyera, tinakhala pa benchi kuseri kwa famasi. Sindinanene nthabwala iliyonse, ndipo pamenepo anadziwa kuti zavuta. Anawerenga ya agogo anga mpaka pa bwato n'kusiya.

"Wapanga dala iwe," anatero. "Ngati wapeza wina, ingonena."

"Iyi ndinailemba tisanadziwane. Yako unalemba wekha."

"Ungathe kuzichotsa?"

"Ndachotsa kale kasanu ndi kawiri."

"Ndiye?"

"Ndabwezera kasanu ndi kawiri."

Anapinda m'mphepete mwa gauni. Kenako anati, "Handei kuna gogo," tiyeni kwa agogo. "Ukatenge amayi ako. Mwina ndi a Jemusi ena." Tonse awiri tinagwira mawu amenewo ngati chitsulo cha m'kombi.

Gogo Zimba sanali nkhalamba ya nthano ayi. Ankagulitsa fodya wofwenkha pa geti ndipo ankatukwana makasitomala awo onse mofanana. Atationa tikubwera ndi amayi anati, "Mwabwera kudzaona ngati mtsikanayu amatha kuphika? Satha." Amayi anakhala pansi, moni anatha, ine n'kuyamba kuwerenga mbiri ya agogo anga mokweza. Pa Kamtedza anasiya kumanga kapepala ka fodya. Pa kodiyoni anandidula.

"Wakuuza ndani zimenezo? Rudo, ukumagawa nkhani zanga m'misewu?"

"Si yanu iyi, agogo," anatero Rudo. "Ndi ya amayi awo a amayiwa."

Agogowo anatembenukira kwa amayi n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akufuna kuwagula. "Amayi ako dzina lawo la paubwana linali ndani?"

"Ankati Msatero."

"Dzanja lamanzere."

"Linali ndi chipsera cha moto, kuyambira apa kufika apa," amayi analoza pa mkono wawo.

"Ndinamukankhira ndine," anatero gogo Zimba. "Tinkalimbirana chimanga chootcha." Anayang'ana kumsewu. "Ali kuti?"

Amayi anawauza. Anafunsa kuti ankakhala kuti, amayi anati ku Unit C, pafupi ndi mashopu. Agogowo anatchula dzina la msewu, amayi anavomera. Anati m'msewu umenewo ankapitamo Lachisanu lililonse kukapereka fodya kwa kasitomala wina. Sanalire pamaso pathu. Anasonkhanitsa timapepala tawo m'mbale, anatseka geti dzuwa likadali pamutu, n'kuuza Rudo kuti akawatengere nsapato. Tinapita kumanda masana omwewo, pa kombi, anthu anayi. Kumeneko anaima pa chiliza n'kunena mawu ochepa okha omwe ndinawamva: "Unachedwa, Msatero. Miyendo inaphwa patangotha sabata."

Pobwerera ine ndi Rudo tinakhala mpando wakumbuyo. Nthawi zonse m'kombi ndinkamugwira dzanja. Tsiku limenelo manja anga sindinadziwe kowaika, ndinangokumbatira laputopu. Panalibe anatiuza kuti chinkhoswe chatha, akuluakulu sanachite kukhala pansi. Titatsika Rudo anavula mphete yomwe ndinamugulira n'kuiika m'thumba la shati langa, n'kumenyapo kawiri ndi chikhatho. Mawa lake ndinafufuta mawu anayi aja pamndandanda komaliza, ndinadina batani, ndinakweza masamba onse. A Kamanga jekete analichotsa pa msomali. Miyezi yotsatira ndinaonda moti ndinkalowa m'shopu pamodzi ndi kasitomala wonenepa uja tonse n'kukwana. Izi zokha amayi anu satsutsa, chifukwa ndi mmene anandipezera.

2015

Rudo, amene inu mumati azakhali a ku Unit A, anapeza mnyamata wina, makaniko wa pa Chikwanha pomwepo, mdzukulu wa anthu a ku Zambia. Amayi a Rudo analibe mlongo wamwamuna, ndiye pofunafuna woimira mbumba, gogo Zimba analoza ine ndi ndodo. "Mwamuna wa m'nyumba muno ndi uyu. Ngakhale ali wabodza."

Ndinabwereka jekete la bulauni lija kwa a Kamanga, manja ake ankafika m'mawondo. Akuchimuna anabwera kudzafunsira mbeta, anakhala pa sofa m'ndandanda, mkulu wawo n'kuyamba mwaulemu kufotokoza kuti iwo ndi a Tembo, ndipo amva kuti mtsikanayu ndi wa a Mwale, choncho palibe chotchinga. Makaniko uja anali atatuluka thukuta mpaka m'makutu. Rudo anali kukhitchini, koma ndinkadziwa kuti khutu lili pa chitseko. Ndinadikira mkuluyo amalize, ndinatsegula laputopu pa tebulo, ndinamuyang'ana mnyamatayo.

"Za abambo ako tamva, achimwene," ndinatero. "Tsopano tiyambe bwinobwino. Amayi a amayi ako anachokera mudzi uti, ndipo pa Zambezi anaoloka ndi ndani?"